John Steinbeck: kodi Kino anali wadyeradi, kapena bukuli timaliwerenga mopotoka?

aNaphiri: Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumawadziwa bwino mabuku a John Steinbeck. Kuno kwathu ambiri amamudziwira pa The Pearl basi, poti ndi limodzi mwa mabuku amene ana amalembera mayeso a MSCE. Tsono manotsi amene amayenda m'manja mwa ana amangobwereza mfundo imodzi, yoti Kino, msodzi amene anatola ngale yaikulu m'nyanja, anali wadyera ndipo dyera lakelo ndi limene linaphetsa mwana wake. Kodi mlembiyo ankatanthauzadi zimenezi? Komanso munthu wofuna kumudziwa bwino ayambire buku liti?

aMbewe: Zikomo amayi. Tisanapite kutali, tsegulani mutu wachinayi muwerenge manambala, chifukwa mlandu wonse wagona pamenepo. Wogula ngale woyamba akutchula mapeso 1,000. Kino akuyankha kuti ngaleyo ndi ya mapeso 50,000. Wogula uja akuitanitsa ogula ena atatu: wina akukana ngakhale kutchula mtengo, ati ndi chinthu chonyansa, wina akuiunika ndi galasi n'kunena kuti ndi yofewa ngati choko, sikhalitsa, wachitatu akuti 500. Kino atailanda kuti azipita, woyamba uja akukuwa kuti afika pa 1,500. Munthu amene wangonena kumene kuti chinthu n'chachabechabe angawonjezerenso 500 bwanji?

Ndiye mlembi watiuza kale kuti ogula onsewa ndi antchito a bwana mmodzi. Maofesi ndi osiyana, thumba ndi limodzi, mpikisano wawo ndi wachiphamaso. Onaninso kandalama kachitsulo kamene wogula woyamba amakaseweretsa pa zala kuseri kwa tebulo. Ngale itangotuluka, kandalamako kakupulumuka n'kugwera pamiyendo pake, nkhope ili phee. Dzanja laulula zimene pakamwa pakubisa. Munthu wokana kudyeredwa masuku pamutu chotere sitingathamangire kumutcha wadyera.

aNankhoma: Ndionjezere pa zomwezo. Lembani mndandanda wa zimene Kino akufuna m'mutu wachitatu: ukwati wa kutchalitchi, zovala zatsopano, mkondo wachitsulo wophera nsomba wolowa m'malo mwa umene unatayika, mfuti, ndi sukulu ya mwana wake Coyotito. Pa zisanuzi chimene chikudabwitsa anansi ndi mfuti, koma chimene iye akuchikakamira mpaka mapeto ndi sukulu. Chifukwa chake akuchinena yekha: mwana akadziwa kuwerenga, adzawauza ngati zimene amauzidwa kuti zili m'mabuku zilimodi. Usiku womwewo dokotala akubwera, ndipo Kino akumukayikira koma alibe poyambira kumutsutsa. Dokotala akummwetsa mwana ufa woyera wa mu kapisozi, akuti abweranso pakatha ola limodzi, mwana akuyamba kusanza, iye akubwera ndi madontho atatu a ammonia m'kapu ya madzi, basi "wamuchiritsa". Koma chotupa cha chinkhanira chimene chinaluma mwanayo chinali chitayamba kale kuphwa kumapeto kwa mutu wachiwiri, Juana, mkazi wa Kino, atayamwa ululu n'kuika ndere za m'nyanja pabalapo. Ana ambiri amalemba kuti dokotala ndi amene anachiza mwana. N'kulakwa kumeneko.

aChisale: Pepani akuluakulu, ine ndikuona ngati mukumuyeretsa kwambiri Kino. M'mutu wachisanu ndani akumenya Juana kumaso n'kumuponda m'nthiti m'mbali mwa nyanja? Si dokotala, si wogula ngale. Ndipo iye mwini akuuza mkulu wake Juan Tomás kuti ngaleyo yasanduka moyo wake. Pofika mutu wachisanu ndi chimodzi wapha anthu anayi, mmodzi panjira ndi atatu kuphiri. Womaliza uja anali atagwera m'thamanda, akulira ndi mantha, Kino n'kumuwombera pakati pa maso. Mlembi sanaike zimenezi mwangozi.

aMbewe: Zoona achimwene, sindikukana. Kino akusintha, ndipo mlembi akumufanizira ndi chilombo mobwerezabwereza. Chimene ndikukana ndi kayalidwe ka nkhani. Manotsi amati dyera linayamba, mavuto n'kutsatira. Bukulo likuonetsa kuti chitseko cha dokotala chinatsekedwa ngale isanapezeke, pamene Kino anali ndi tingale 8 topindikapindika topanda mtengo. Nkhanza za Kino zikubwera atamulowera m'nyumba usiku, atamubera pamsika, atamuvulazanso kachiwiri. Mwana amene alemba kuti "Kino anaumitsidwa mtima ndi anthu amene anamutsekera njira zonse, mpaka naye anasanduka woopsa kwa banja lake" wayankha bwino kuposa amene wangoti "dyera".

Kadzidzi: Mkangano uwu umatha msanga mukadziwa kumene nkhaniyi inachokera. M'chaka cha 1940, kuyambira March mpaka April, Steinbeck ndi mnzake Ed Ricketts, katswiri wa zamoyo za m'nyanja wa ku Monterey, anachita hayala boti la asodzi lotchedwa Western Flyer n'kuyenda masabata 6 ku Gulf of California akutola tizilombo ta m'mphepete mwa nyanja. Ku La Paz anamva nthano ya mnyamata amene anatola ngale yaikulu. Nthanoyo anailemba mwachidule mu Sea of Cortez, buku la 1941. Mmenemo mnyamatayo alibe mkazi, alibe mwana. Zolinga zake ndi kumwa mowa mmene angafunire, kusankha mkazi amene wamukonda, ndi kulipiriratu misa za mzimu wake. Ogula akumupatsa mtengo wonyozeka, akumenyedwa, akuthawa, akuzunzidwa, pomaliza akuiponyanso m'nyanja.

Tsono onani zimene mlembi anasintha polemba The Pearl. Anachotsa mowa ndi akazi, n'kuikapo mkazi wa m'nyumba, khanda, ndi sukulu. Akanafuna kutiphunzitsa kuipa kwa dyera, mnyamata woyamba uja ndi amene anali woyenera ntchitoyo. Nkhaniyi inayamba kutuluka m'magazini ya Woman's Home Companion mu December 1945 ndi mutu wakuti The Pearl of the World, buku n'kudzatuluka mu 1947, nthawi imodzi ndi kanema wake wa ku Mexico amene anatsogolera Emilio Fernández.

aNaphiri: Apa ndiye zamveka. Nanga Ricketts ameneyu anali wofunika motani pa zolemba zake?

Kadzidzi: Kwambiri, amayi. Anadziwana mu 1930 ndipo anakhala pa ubwenzi mpaka Ricketts atamwalira mu May 1948, sitima yapamtunda itawomba galimoto yake ku Monterey. Munthu wotchedwa Doc mu Cannery Row wa 1945 ndi mu Sweet Thursday wa 1954 ndi Ricketts yemweyo. Kwa iyeyu Steinbeck anakulitsa chizolowezi choyang'ana anthu monga momwe katswiri amayang'anira tizilombo m'thamanda: kufotokoza chimene chikuchitika, osathamangira kugamula kuti wolakwa ndani. N'chifukwa chake mutu wachitatu ukuyamba ndi kufanizira tauni ndi chamoyo chimodzi chokhala ndi mitsempha yake, mbiri ikuyenda mmenemo mofulumira kuposa ana othamanga. N'chifukwa chakenso m'mutu woyamba Kino akungoonerera nyerere ikuvutika m'kadzenje ka kachilombo kamene kaitchera mumchenga, osaithandiza. Usiku kunyanja tinsomba tikuthawa nsomba zazikulu. Zithunzi zimenezi ana amazidumpha poganiza kuti n'zongokometsera, chonsecho ndi pamene mlembi wabisa maganizo ake.

aNankhoma: Za moyo wa Steinbeck ndiike mwachidule, poti ambiri amasokoneza zaka. Anabadwa pa 27 February 1902 ku Salinas, m'chigawo cha California. Bambo ake anadzakhala msungichuma wa boma laling'ono la Monterey, mayi ake, Olive Hamilton, anali mphunzitsi. Sanali mwana wa m'banja losauka ayi, ndipo amene amalemba kuti anakulira mu umphawi ngati wa Kino amanama. Aganyu anawadziwira m'minda ya kampani ya shuga ya Spreckels, kumene ankagwira ntchito pa tchuthi. Ku yunivesite ya Stanford anaphunzira mwa apo ndi apo kuyambira 1919 mpaka 1925, anachokako wopanda digiri. Anapita ku New York, anagwirako ntchito ya zomangamanga ndi ya utolankhani, zinakanika, anabwerera kwawo. Mabuku atatu oyamba, Cup of Gold wa 1929, The Pastures of Heaven wa 1932 ndi To a God Unknown wa 1933, sanayende malonda. Ndalama zinayamba kuoneka ndi Tortilla Flat mu 1935. Anamwalira ku New York pa 20 December 1968 ali ndi zaka 66, phulusa lake linakaikidwa ku Salinas.

Pali mfundo ina imene imathandiza pa The Pearl. Ankalilemba atatchuka kale ndi The Grapes of Wrath, chuma chitabwera, adani atachuluka, banja lake loyamba ndi Carol Henning litatha mu 1943. Owerenga ambiri amaona kuti munthu amene anatola ngale n'kusowa nayo mtendere ndi mlembi yemweyo. Osaitenga ngati mfundo yotsimikizika, koma ndi yoyenera kuiganizira.

aChisale: Pa funso la poyambira, ine ndingati mukatha The Pearl pitani ku Of Mice and Men wa 1937. Ndi lalifupi, zigawo 6, munthu amalimaliza madzulo awiri. Analilemba dala kuti lisavute kulisandutsa sewero, choncho chigawo chilichonse chimachitikira pamalo amodzi: kumtsinje, m'nyumba yogona antchito kawiri, m'chipinda cha Crooks wosamalira akavalo, m'khola, kenako kumtsinje komwe kuja. Chaka chomwecho linaseweredwa ku Broadway.

Nalonso liwerengeni ndi pensulo m'manja, muwerengetsere ndalama. George ndi Lennie, aganyu awiri eni nkhaniyi, amalandira madola 50 aliyense pamwezi. Kamunda kamene akulota ndi ka madola 600. Iwo ali ndi 10 yokha. Candy, nkhalamba yoduka dzanja, akuti aikapo 350, ndipo 250 mwa imeneyo ndi chipukuta misozi cha dzanja lakelo. Akaphatikiza 350 ya Candy ndi malipiro a mwezi umodzi a awiriwo ikukwana 450, ndipo George akuti eni ake, poti ali pa mavuto, akhoza kulola. Ndiye kuti loto lija linatsala mwezi umodzi wokha kuti litheke. Amene amati linali loto la chabe kuyambira pachiyambi sanawerengetse. Ululu wa bukuli uli pa kuyandikira kumeneko.

Cholakwika china chofala ndi kumutenga mkazi wa Curley, mwana wa bwana wa pamunda, ngati woyambitsa mavuto. Mlembi sanamupatse ngakhale dzina. Werengani zimene akuuza Lennie m'khola musanamuweruze. Ndipo imfa ya galu wa Candy, amene wantchito mnzawo Carlson akumuwombera kunkhongo, ndi chithunzi cha mapeto: mfuti yomweyo, kunkhongo komweko.

aMbewe: Pa galu pomwepo, zolemba zoyamba za bukuli zinadyedwa ndi galu weniweni wa Steinbeck, Toby, mu 1936. Pafupifupi theka la ntchito anachita kulembanso. Mutu wa bukuli poyamba unali Something That Happened, umene ukugwirizana ndi zimene a Kadzidzi anena za kusagamula mlandu. Mutu umene tikuudziwawu unachokera mu ndakatulo ya Robert Burns ya 1785, ya mlimi amene waphwasula chisa cha mbewa polima.

aNaphiri: Nanga The Grapes of Wrath? Ambiri amalisiyira panjira, amati n'lotopetsa.

Kadzidzi: Amalisiya chifukwa sanauzidwe mmene linamangidwira. Lili ndi mitu 30. Mwa imeneyi 16 ndi ifupiifupi ndipo siikamba za banja la Joad, limene nkhaniyo ikulitsatira. Imakamba za dziko lonse: fumbi, mabanki, ogulitsa magalimoto akutha, msewu wa Route 66. Munthu wofuna nkhani yokha amaidumpha, kenako amadabwa kuti bukulo likutchukiranji. Osaidumpha. Njira yabwino ndi kuwerenga mutu waufupi pamodzi ndi wautali wotsatira pa nthawi imodzi, chifukwa waufupi umayala chimene wautali ukudzaonetsa pa banja limodzi. Chitsanzo: mutu 3 ndi kamba akuwoloka msewu, galimoto ina ikumulambalala, ina ikumuwomba dala, iye akudzuka n'kupitiriza. Mutu 4 Tom Joad akumutola kamba n'kumukulunga m'jekete. Mutu 7 ndi chilankhulo cha ogulitsa magalimoto, ndipo posakhalitsa mukuiona galimoto yakale ya Hudson imene banjalo lagula n'kuidula kuti ikhale lole. Mukamawerenga mitu iwiri kapena itatu patsiku, masabata awiri mwamaliza.

Mitu isanu yoti muibwereze: 5, pamene woyendetsa thirakitala wolipidwa madola 3 patsiku akuuza mlimi kuti palibe munthu woti amuwombere chifukwa wolamula ndi banki, 14, 20, msasa wa anthu osowa pokhala, 25, pamene malalanje akuthiridwa palafini ndipo mbatata zikutayidwa mumtsinje kuti mitengo isatsike, ana akufa ndi njala, ndi 30.

aNankhoma: Kuti ana amve msanga za alimi a m'bukuli, mawu oti matenanti amathandiza, poti a Joad ankalima munda wa eni n'kumagawana zokolola. Kungoti musafanizire mopitirira. Kumeneko chimene chinawachotsa ndi chilala, ngongole za kubanki ndi mathirakitala.

Kenako onani mmene malipiro amagwetsedwera, chifukwa ndi machenjera omwe aja a ogula ngale, angovala malaya ena. Mwini munda akufuna anthu 800, akusindikiza timapepala masauzande, akubwera anthu ochuluka kuposa ntchito, ndipo wanjala amavomera chilichonse. Ku munda wa mapichesi wa Hooper a Joad akulandira masenti 5 pa bokosi, osadziwa kuti alowa m'malo mwa anzawo amene akunyanyala ntchito. Mlaliki Casy akuchenjeza Tom kuti sitalaka ikangothyoledwa mtengo ubwerera pa masenti awiri ndi theka. Casy akuphedwa usiku womwewo, ndipo mtengo ukutsikadi. Ndalama zochepazo zikuthera m'sitolo ya kampani yomweyo, mmene zinthu n'zodula kuposa m'tauni. Mukawerenga izi n'kubwerera ku mutu wachinayi wa The Pearl, simungalembenso kuti vuto linali dyera la Kino lokha.

aMbewe: Zimenezi sanazipeke ali pampando. Mu October 1936 analemba nkhani 7 mu nyuzipepala ya San Francisco News zotchedwa The Harvest Gypsies, atayendera misasa pamodzi ndi Tom Collins, woyang'anira msasa wa boma wa ku Arvin, umene m'buku ukutchedwa Weedpatch. Malipoti a Collins anawagwiritsa ntchito kwambiri. Anayamba walemba buku lina lonyoza eni minda a ku Salinas, L'Affaire Lettuceberg, n'kuliwononga yekha poona kuti munali mkwiyo wokhawokha. The Grapes of Wrath analilemba pamanja m'miyezi isanu ya 1938, kumaliza mu October. Carol ndi amene ankalitayipa, ndipo ndi amene anapeza mutu wake m'nyimbo ya Julia Ward Howe. Linatuluka mu April 1939, linapata mphoto ya Pulitzer mu 1940, chaka chomwe John Ford anatulutsa kanema wake. Ku Kern County, kumene nkhani yambiri ikuchitikira, akuluakulu analiletsa m'malaibulale ndi m'masukulu mu August 1939, chiletso n'kudzachotsedwa mu January 1941.

aChisale: Koma tisamupembedze. Zofooka zilipo ndipo wowerenga wabwino azidziwe. Choyamba, a Joad akuchokera kufupi ndi Sallisaw, kum'mawa kwa Oklahoma, pamene mphepo za fumbi zija zinasakaza kwambiri kumadzulo kwenikweni kwa chigawocho. Anthu a ku Oklahoma anamudzudzula pa zimenezi. Chachiwiri, m'minda ya California munali antchito ambiri ochokera ku Mexico ndi ku Philippines, koma m'bukuli saoneka kwenikweni. Chachitatu, pali nkhani ya Sanora Babb, mayi amene ankagwira ntchito m'misasa pansi pa Collins n'kumalemba zimene ankaona. Naye analemba buku pa nkhani yomweyi, koma osindikiza anabwerera m'mbuyo la Steinbeck litatchuka, ndipo Whose Names Are Unknown linadzatuluka mu 2004. Ngakhale Tortilla Flat ambiri lero amaliona ngati likuseka anthu osauka a mtundu wa Mexico, kuwasandutsa zidakwa zosangalatsa.

Kadzidzi: Onjezanipo Travels with Charley wa 1962. Amaligulitsa ngati ulendo weniweni wa mu 1960, iye ndi galu wake m'galimoto yogonamo imene anaitcha Rocinante. Mtolankhani Bill Steigerwald atalondola njira yake anapeza kuti masiku ambiri ankagona m'mahotela, nthawi zina ali ndi mkazi wake Elaine, ndipo zokambirana zina n'zokayikitsa kuti zinachitikadi. Liwerengeni ngati nkhani yosakaniza zoona ndi zopeka.

Za mphoto ya Nobel ya 1962 nazonso zinali ndi phokoso. Otsutsa ambiri ku America ankati ntchito yake yabwino inathera m'ma 1930. Zikalata za komiti zitatsegulidwa patapita zaka 50, zinaoneka kuti anamusankha pakati pa mayina monga Robert Graves, Lawrence Durrell ndi Jean Anouilh, komitiyo isakukhutira kwenikweni ndi aliyense. Iye mwini atafunsidwa ngati anayenera mphotoyo anayankha kuti ayi.

aNaphiri: East of Eden simunalitchule. Kodi n'lofunika, kapena munthu akhoza kulisiya?

aNankhoma: Musalisiye, koma likhale lomaliza pa mabuku akuluakulu. Iye mwini ankaliona ngati buku limene ankakonzekera moyo wake wonse. Analilemba mu 1951, linatuluka mu 1952, ndipo analembera ana ake awiri, Thom ndi John, kuti adziwe kwawo. Muli mabanja awiri. A Hamilton ndi akuchikazi ake enieni, Samuel Hamilton ndi agogo ake, ndipo mlembi mwini amaonekamo ali wamng'ono. A Trask ndi opeka. Chimene chimasokoneza ndi chakuti nkhani imadumpha pakati pa mabanja awiriwa, komanso pakati pa Connecticut ndi chigwa cha Salinas, kwa masamba ambiri asanakumane.

Musanaliyambe werengani Genesis 4, ndime 1 mpaka 16. Kenako yang'anani zilembo zoyamba za mayina: Charles ndi Adam, Cal ndi Aron. C ndi Kaini monga amalembedwera m'Chingerezi, A ndi Abele. Kawiri konse mwana akupereka mphatso kwa bambo ndipo ikukanidwa: Charles anapereka mpeni, bambo n'kukonda kagalu ka Adam, Cal anapereka madola 15,000 amene anapindula pa malonda a nyemba nthawi ya nkhondo, bambo ake Adam n'kuwakana. Pakati pa bukulo pali Lee, wantchito wa Chitchaina, amene akufotokoza liwu la Chiheberi lakuti timshel, loti munthu akhoza kuligonjetsa tchimo ngati wasankha, osati walamulidwa kapena walonjezedwa. Akatswiri a Chiheberi amati mlembi analitambasula liwulo kuposa mmene lilili, ndiye musakalalikire nalo. Kanema wa 1955 wa James Dean akungotenga chigawo chomaliza, Lee mulibemo, choncho sangalowe m'malo mwa buku.

Amene amafuna kuona mmene mlembi amagwirira ntchito apeze Journal of a Novel. M'mawa uliwonse ankayamba ndi kalata yopita kwa mkonzi wake Pascal Covici pa tsamba la kumanzere la kope lalikulu, nkhani yeniyeni n'kumailemba kumanja, zonse ndi pensulo.

aMbewe: Ndiye ndondomeko yake ikhale iyi, amayi: The Pearl, Of Mice and Men, The Red Pony ngati lapezeka, kenako The Grapes of Wrath, Cannery Row kuti mupumeko, East of Eden pomaliza. In Dubious Battle wa 1936, wa sitalaka ya othyola maapozi, ndi wa amene akufuna kuzama. Pogula samalani ndi mabuku ofupikitsidwa a ophunzira Chingerezi. Amachotsa mitu ifupiifupi ija ndi nyimbo za m'mutu mwa Kino. Buku lathunthu la The Grapes of Wrath limapitirira masamba 400, ndipo likakhala lopyapyala ngati kope dziwani kuti ladulidwa.

aChisale: Kamodzinso pa The Pearl, poti funso la mayendedwe limabwera kawirikawiri ndipo ana amaliphonya. Popita kwa ogula, ngakhale pothawa usiku, sitiwaona awiriwa ngati ofanana. Mwamuna ndiye mwini ulendo. Pobwerera ku La Paz mlembi akunena mwachindunji kuti sakuyenda mondondozana monga mwa masiku onse, Kino patsogolo Juana pambuyo, koma akuyenda mbali ndi mbali. Kino wanyamula mfuti, chinthu chokhacho pa mndandanda uja chimene wachipeza. Juana wanyamula mtembo wa mwana m'shawelo. Pagombe Kino akupereka ngale kwa Juana kuti aiponye, Juana akukana, akuti aponye yekha. Yerekezani ndi chiyambi cha mutu wachisanu, pamene anamumenyera chinthu chomwechi, ndipo muike ndime ziwirizi moyandikana pa bolodi ana aone okha.